Mbiri ya Malemu a Taha Hussein, Mphunzitsi Wosaona Amene Anachinjiriza Ciarabu ca M'mabuku

Pa 28 October caka ca 1973, mumzinda wa Cairo m'dziko la Egypt, munamwalira mkulu wa zaka 83 amene pa moyo wake wonse sanaonepo cilembo ngakhale cimodzi ndi maso ake. Komabe kufikira lero, anthu olankhula Ciarabu amam'cha mkulu wa alembi onse a cinenero cao. Amenewa ndi malemu a Taha Hussein, omwe anali mphunzitsi, mlembi wa mabuku ndiponso nduna ya zamaphunziro.

A Taha Hussein amakumbukiridwa pa zinthu zambiri, koma mkangano umene anakhala nao nthawi yaitali kopambana unali wa cinenero. Iwo anakana kuti nthano za makono zilembedwe m'Ciarabu ca pamsika ndi ca kumudzi. Anaumirira kuti mlembi aliyense, kaya akulemba za mfumu kaya za mlimi, alembe m'Ciarabu ca m'mabuku. Cimene cimadabwitsa ambiri ndi cakuti munthu amene anaima nji pa mfundo imeneyi sanali mwana wa olemera. Anali mwana wa kumudzi, wobadwira mu umphawi, ndipo anali kunena kuti akucita zimenezi kamba ka amphawi omwewo.

Ciarabu ciwiri pakamwa pamodzi

Kuti timvetse mkanganowu, tiyenera kudziwa kuti Mwarabu aliyense wophunzira amakhala ndi Ciarabu ca mitundu iwiri. Coyamba cimachedwa fusha. Ici ndi Ciarabu ca m'buku loyera la Qur'an, ca ndakatulo zakale, ca m'nyuzipepala ndi ca nkhani za pawailesi. Ndi cimodzimodzi kucokera ku Morocco kukafika ku Iraq, koma palibe mai amene amalera naco mwana. Cimaphunziridwa kusukulu. Caciwiri cimachedwa ammiyya, ndiko kuti kalankhulidwe ka anthu wamba, ndipo dziko lililonse liri ndi kake.

Kusiyana kwake si kwakung'ono. Pofuna kunena kuti tsopano, Ciarabu ca m'mabuku cimati al-an, munthu wa ku Cairo amati dilwa'ti, wa ku Lebanon amati halla', wa ku Iraq amati hassa, pomwe wa ku Morocco amati daba. Omvera athu amadziwa kusiyana kwa Cinyanja ca m'mabuku ndi ca m'misika ya mu Lusaka. Kwa Aarabu mpata wake ndi waukulu koposa pamenepo, cifukwa mlimi wa ku Morocco ndi mlimi wa ku Iraq angathe kulephera kumvana konse ngati aliyense alankhula zakwao.

A Taha Hussein asanabadwe, Azungu ena anali atayamba kale kuuza anthu a ku Egypt kuti aleke kulemba m'Ciarabu ca m'mabuku. Mu 1880, a Wilhelm Spitta a ku Germany anasindikiza buku la malamulo a kalankhulidwe ka ku Egypt. Mu 1893, a William Willcocks, katswiri wa ku Britain woona za madamu ndi ulimi wothirira, anauza anthu poyera kuti Ciarabu ca m'mabuku ndico cinali kubwezera dzikolo m'mbuyo. Popeza asilikali a Britain anali atalowa mu Egypt mu 1882, ambiri anaona uphungu wotere ngati msampha wa atsamunda wofuna kugawa Aarabu.

Ubwana wa mumdima

A Taha Hussein anabadwa mu November 1889 m'mudzi wa Izbet el-Kilo, pafupi ndi tauni ya Maghagha m'cigawo ca Minya. Atate ao anali wanchito wamba pa kampani ya shuga, ndipo pa ana 13 a m'banjamo iwo anali acisanu ndi ciwiri. Ali wakhanda anadwala maso. M'malo mopita nao kwa dotolo, a pabanja anaitana wometa tsitsi wa m'mudzimo, monga mwa cizolowezi ca nthawiyo. Mankhwala amene anawathira anawazimitsa maso onse awiri.

Kucokera pamenepo, zonse anazidziwira m'makutu. Anali kumvetsera alakatuli oyendayenda amene anali kusimba nkhani za ngwazi zakale, nyimbo za alongo ao, ndi kulira kwa amai pamaliro. Pa sukulu ya Cisilamu ya m'mudzimo analoweza Qur'an yonse pamtima asanakwanitse zaka 10. Motero Ciarabu ca m'mabuku sanacidziwe ngati zilembo za papepala. Anacidziwa ngati liu, ndi kukwera ndi kutsika kwake.

Mu 1902 anatsagana ndi mkulu wao ku Cairo kukaphunzira pa al-Azhar, sukulu yaikulu ya Cisilamu imene inali itakhalapo zaka zoposa 900. Anapita ndi cimwemwe, koma posakhalitsa anagwa mphwai. Aphunzitsi ambiri anali kutha miyezi akumasulira ndemanga za ndemanga za mabuku akale a galamala, osafika pa kukoma kwa cineneroco. Mmodzi yekha ndiye anawatsegula mutu, Sheikh Sayyid al-Marsafi, amene anali kuwerenga ndi ophunzira ake ndakatulo zakale zenizenizo. Apa ndi pomwe a Taha Hussein anatola mfundo imene anaisunga moyo wao wonse, yakuti bvuto siliri m'cinenero koma m'kaphunzitsidwe kake.

Univesiti ya Egypt itatsegulidwa mu 1908, iwo anali pakati pa ophunzira oyamba. Akuluakulu a al-Azhar, omwe anali atatopa ndi kutsutsa kwa mnyamatayu, anam'lepheretsa mayeso otsiriza. Koma mu 1914 univesiti yatsopanoyo inawapatsa digiri ya udokotala, yoyamba kuperekedwa pamenepo. Analemba za Abu al-Ala al-Ma'arri, mlakatuli wa ku Syria amene anamwalira mu 1057, yemwenso anali wosaona kuyambira ubwana.

Ku France

M'caka comweco univesiti inawatumiza ku France, poyamba ku Montpellier, pambuyo pake ku Paris. Kumeneko anakumana ndi mtsikana wa Cifalansa dzina lake Suzanne Bresseau, amene anali kuwawerengera mabuku. Awiriwo anakwatirana mu 1917, ndipo anabereka ana awiri, Amina ndi Moenis. Pa univesiti ya Sorbonne analemba za Ibn Khaldun, katswiri wa mbiri yakale wobadwira ku Tunis, ndipo anatenga udokotala waciwiri.

Ku France anaphunziranso Cilatini ndi Cigiriki. Anaona m'mene Cilatini, cimene kale cinali kumanga pamodzi ophunzira a ku Ulaya, cinaswekera n'kukhala Cifalansa, Citaliyana ndi Cisipanishi, ico n'kutsala m'chalichi ndi m'mabuku akale. Citsanzo cimeneci sicinawacoke m'mutu. Anabwerera kwao mu 1919, nayamba kuphunzitsa mbiri ya Agiriki ndi Aroma, ndipo mu 1925 anakhala mphunzitsi wamkulu wa zolembedwa za m'Ciarabu.

Buku limene linautsa mapiri pacigwa

Wina angaganize kuti wochinjiriza Ciarabu ca m'mabuku anali munthu wokakamira zakale. Sizinali tero. Mu 1926 a Taha Hussein anatulutsa buku lochedwa Fi al-Shi'r al-Jahili, lonena za ndakatulo za Aarabu Cisilamu cisanabwere. M'bukumo anati zambiri mwa ndakatulo zimenezo zinapekedwa pambuyo pake ndi anthu ofuna kukweza mafuko ao. Umodzi mwa maumboni ao unali wa cinenero: mafuko akale a ku Arabia anali kulankhula mosiyanasiyana, nanga n'cifukwa ninji ndakatulo zao zonse zikumveka ngati zacokera pakamwa pamodzi?

Bukulo linakhudzanso nkhani ya Ibrahim ndi Ismail m'njira imene inakwiyitsa atsogoleri a cipembedzo. Nkhaniyo inakafika ku nyumba ya malamulo ndi kwa woimira boma pa milandu. Mu 1927 woimira bomayo anatseka mlandu, atapeza kuti mlembiyo analibe colinga conyoza cipembedzo. Bukulo linaturukanso litakonzedwa, ndi dzina lina. Mmodzi mwa amene anawaukira kwambiri anali a Mustafa Sadiq al-Rafi'i, mlembi wokonda Ciarabu cakale cokometseredwa ndi mau osowa. Motero a Taha Hussein anali pakati pa moto uwiri. Kwa okonda zakale anali woononga mwambo, ndipo kwa okonda kalankhulidwe ka pamsika anali wotsalira.

Ndale nazo sizinawasiye. Mu 1932 boma la a Ismail Sidqi linawacotsa pa udindo wa mkulu wa cigawo ca maphunziro a zolembalemba, atakana kuti univesiti ipereke madigiri aulemu kwa andale. Mkulu wa univesitiyo, a Ahmad Lutfi al-Sayyid, anatula pansi udindo posonyeza kukwiya kwao.

Mtsikana wa kumudzi alankhula za m'mabuku

M'masiku a mlandu uja ndi pomwe anayamba kulemba mbiri ya moyo wao, al-Ayyam, kutanthauza Masiku, imene gawo lake loyamba linaturuka ngati buku mu 1929. Popeza sanali kuona, anali kulankhula ndipo mlembi wao anali kulemba. N'cifukwa cake Ciarabu cao cimamveka ngati munthu akukusimbira nkhani pafupi: mau osabvuta, obwerezedwa mwadala, oyenda ngati nyimbo. Mwana wa sukulu anali kutha kuwerenga bukulo, ndipo sheikh sanali kupezamo colakwa m'galamala. Umenewu unali umboni wao woyamba wakuti Ciarabu ca m'mabuku cingathe kusimba za mwana wosauka wa kumudzi popanda kudzikweza.

Koma funso lenileni linali pa nthano zopeka, pomwe anthu a m'nkhani amalankhulana. Kodi mlimi wosadziwa kuwerenga alankhule bwanji papepala? A Muhammad Husayn Haykal, m'buku lao lochedwa Zaynab limene ambiri amaliyesa ciyambi ca nthano za makono ku Egypt, analola alimi kulankhula zakwao. A Tawfiq al-Hakim anacita cimodzimodzi m'buku la Awdat al-Ruh mu 1933.

A Taha Hussein anayankha ndi nthano yao mu 1934, yochedwa Du'a al-Karawan, dzina locokera ku mbalame ina yolira usiku. Ndi nkhani ya Amna, mtsikana wa kumudzi wogwira nchito ya m'nyumba. Mkulu wake Hanadi ananyengedwa ndi bwana wake, ndipo malume ao anamupha pofuna kucotsa manyazi pabanja. Amna ndiye amasimba zonsezi, ndipo amazisimba m'Ciarabu ca m'mabuku. Mlembiyo anakonzeratu njira: Amna anaphunzira kuwerenga pokhala pambali pa mwana wa bwana wake pamene mwanayo anali kuphunzitsidwa. Komabe amai ake ndi malume ake, omwe sanaponde m'kalasi, naonso amalankhula za m'mabuku. Otsutsa anati izi n'zosatheka m'moyo weniweni. Mu 1959, pamene a Henry Barakat anapanga kanema wa nthanoyi, ndi a Faten Hamama akusewera ngati Amna, anthu a m'kanemamo analankhula Ciarabu ca pakamwa.

Zifukwa zao

Mfundo zao anaziyala bwino mu 1938 m'buku la Mustaqbal al-Thaqafa fi Misr, lonena za tsogolo la maphunziro ndi cikhalidwe ku Egypt, ndipo anazibwereza m'nyuzipepala ndi pawailesi kwa zaka zambiri. Zikuluzikulu zinali zitatu.

Coyamba cinali umodzi. Anacenjeza kuti ngati dziko lililonse liyamba kulemba m'kalankhulidwe kake, tsiku lidzafika pomwe buku la ku Baghdad lidzafuna womasulira kuti liwerengedwe ku Cairo, monga zikhalira pakati pa Afalansa ndi Ataliyana.

Caciwiri cinali colowa ca makolo. Mwana wophunzira kalankhulidwe ka pamsika kokha sangathe kutsegula yekha mabuku amene Aarabu analemba kwa zaka zoposa 1,000, a ndakatulo, a zamankhwala, a masamu ndi a mbiri yakale.

Cacitatu, cimene cinali pamtima pao kopambana, cinali cilungamo. Iwo anaona kuti ana a olemera adzaphunzirabe Ciarabu ca m'mabuku, cifukwa ndico ca m'makhoti, m'maofesi ndi m'nyumba ya malamulo. Kulembera mlimi m'kalankhulidwe kake kokha, ngakhale kuoneke ngati cifundo, kunali kum'siya panja pa nyumba imene zinthu zimagamulidwa. Kwa iwo, mankhwala a umbuli anali sukulu, osati kusintha cinenero ca mabuku.

Komatu sanabise kuti cineneroco cinali ndi zobvuta zake. M'kalembedwe ka Ciarabu, mavawelo aafupi kawirikawiri salembedwa. Zilembo zitatu k, t ndi b zingawerengedwe kataba, kutanthauza analemba, kapena kutiba, kutanthauza cinalembedwa, kapena kutub, kutanthauza mabuku. Wowerenga ayenera kudziwiratu tanthauzo asanachule liu. A Taha Hussein anapempha kuti galamala ya m'masukulu ipeputsidwe ndiponso kuti kalembedwe kakonzedwe. Anakananso ganizo lakuti Ciarabu ndi cuma ca masheikh okha, nanena kuti ndi ca aliyense wocilankhula, Msilamu ndi Mkristu yemwe. Anacenjeza kuti zimenezi zikalephereka, Ciarabu ca m'mabuku cidzatsala m'mizikiti mokha monga Cilatini cinatsalira m'chalichi.

Nduna ya zamaphunziro

Mau ao anawatsimikiza ndi nchito. Mu 1942 anakhala mkulu woyamba wa univesiti yatsopano ya ku Alexandria. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 analemba nthano zifupizifupi za anthu ozunzika ndi njala ndi matenda, al-Mu'adhdhabun fi al-Ard. Zinali m'Ciarabu ca m'mabuku, komabe boma la Mfumu Farouk linaziona kuti ndi zoopsa, ndipo linaletsa bukulo, kotero kuti linakasindikizidwa ku Lebanon.

Mu January 1950 cipani ca Wafd citapambana pa cisankho, nduna yaikulu a Mustafa al-Nahhas anawasankha kukhala nduna ya zamaphunziro. Pa zaka ziwiri zimene anakhala pampandowo, anacotsa malipiro m'masukulu a sekondale a boma. Anali kuphunzitsa kuti maphunziro ndi ufulu wa munthu aliyense, monga madzi akumwa ndi mpweya wopuma, zinthu zosayenera kugulitsidwa.

Mkangano ndi acinyamata

Ufumu utagwetsedwa ndi asilikali mu 1952, panabuka mbadwo wa alembi ofuna kuonetsa moyo wa amphawi monga uliri. Mu 1954 a Abd al-Rahman al-Sharqawi anatulutsa al-Ard, nthano ya alimi olimbana ndi eni minda, momwe alimiwo amatukwana ndi kuseka m'kalankhulidwe kao. M'caka comweco dotolo wacinyamata, a Yusuf Idris, anatulutsa nthano zao zoyamba, Arkhas Layali.

Mfundo ya acinyamatawa inali yolimba. Anati nthabwala, mkwiyo ndi cisoni ca munthu ziri m'mau amene anayamwira. Ukam'bveka mlimi Ciarabu ca m'mabuku, wam'landa liu lake, ndipo amene akumveka ndi mlembi, osati mlimiyo. Anatinso pamene ambiri sadziwa kuwerenga, kudikira kuti onse aphunzire n'kuuza wanjala kuti adikire masika.

A Taha Hussein sanawanyoze alembiwa. Mu 1956 analemba mau oyamba a buku laciwiri la a Idris, lochedwa Jumhuriyyat Farahat. Anayamikira luso la mnyamatayo ndi mtima wonse, koma anam'pempha kuti acikomere mtima Ciarabu ca m'mabuku, makamaka pomwe anthu a m'nkhani akulankhulana. A Idris sanasinthe. M'caka comweco a Tawfiq al-Hakim anayesa njira ya pakati m'sewero la al-Safqa, lolembedwa mwakuti mau omwewo angathe kuwerengedwa monga a m'mabuku kapena kuchulidwa monga a pamsika.

Amene anawakondweretsa kopambana anali a Naguib Mahfouz. M'nthano zao za makwalala a Cairo, monga Zuqaq al-Midaq ndi Bayn al-Qasrayn, ogulitsa khofi ndi amai a pakhomo amalankhula Ciarabu ca m'mabuku cosabvuta, coumbidwa motsata kayendedwe ka mau a mumseu, kotero kuti wowerenga amamva ngati ali pamsika. A Taha Hussein anayamikira zimenezi poyera, pakuti ndi zomwe anakhala akunena kuti n'zotheka.

Masiku otsiriza

Kuyambira mu 1940 iwo anali membala wa bungwe loyang'anira cinenero ca Ciarabu ku Cairo, limene linakhazikitsidwa mu 1932. M'bungwe lomwelo ndi momwe a Abd al-Aziz Fahmi anapempha mu 1944 kuti Ciarabu cizilembedwa ndi zilembo za Cilatini, monga dziko la Turkey linacitira ndi cinenero cake mu 1928, koma ganizolo silinalandiridwe. Mu 1963 a Taha Hussein anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwelo, ndipo anakhala pa udindowo mpaka imfa yao. Nyumba yao yochedwa Ramatan, ku Giza, inasandutsidwa malo osungiramo mbiri yao. Bungwe la United Nations linawapatsa mphotho ya ufulu wacibadwidwe mu 1973.

Kodi anapambana? Mbali ina inde. Pa 18 December 1973, pasanathe miyezi iwiri cimwalirire iwo, msonkhano waukulu wa United Nations unabvomereza Ciarabu kukhala cimodzi mwa zinenero zake, ndipo cimene cinalowa kumeneko ndi ca m'mabuku. Mu 1988 a Naguib Mahfouz anakhala mlembi woyamba wa Ciarabu kulandira mphotho ya Nobel. Kufikira lero nthano zambiri za Aarabu zimasimbidwa m'Ciarabu ca m'mabuku, ndipo buku lolembedwa ku Sudan limawerengedwa ku Kuwait popanda womasulira.

Mbali ina ai. Alembi ambiri amasimba nkhani m'Ciarabu ca m'mabuku koma amasiya anthu ao kulankhula zakwao. Mu 1994 a Yusuf al-Qa'id analemba nthano yonse, Laban al-Usfur, m'kalankhulidwe ka ku Egypt, ndipo mu 2006 buku la a Khaled al-Khamissi lochedwa Taxi, lodzala ndi maceza a oyendetsa matakisi a ku Cairo, linagulidwa kwambiri. Makanema ndi nyimbo za ku Egypt zinacititsa kuti kalankhulidwe ka ku Cairo kamveke m'maiko ambiri a Aarabu, cinthu cimene cinafooketsa mantha aja akuti anthu sadzamvana. Pa Facebook ndi pa lamya za m'manja, acinyamata amalemba monga amalankhulira. Galamala ya m'masukulu, imene iwo anafuna kuti ipeputsidwe, ana ambiri akulira nayobe.

Mkanganowo ukalipo, ndipo mbali zonse ziwiri zimachula dzina la a Taha Hussein. Ochinjiriza Ciarabu ca m'mabuku amawakumbukira monga mtsogoleri wao. Otsutsa naonso amabvomera kuti mkuluyu sanangouza amphawi kuti aphunzire cinenero cobvuta, koma atapatsidwa mphamvu anawatsegulira zitseko za sukulu kuti akaciphunzire kwaulere.